Waya wa Wilf

Mvula ya ku Halifax sigogoda, imangokhalapo.
Ndinakwera masitepe amiyala, chikwama cha zida paphewa,
Mayi Ackroyd n'kutsegula ndisanaguse chitseko,
kope lili m'manja.

Zaka makumi atatu ankawerengera ndalama pafakitale ya ubweya
mpaka tsiku limene makina anati zii.
Nambala yotsimphina sagona nayo.
"Ndimalipirira mazana asanu," anatero. "Taonani."
Lolemba m'mawa, 94.
Lolemba usiku, 94.
Lachinayi kukuzizira, 93, atailemba mzere kunsi.
Masabata asanu ndi limodzi, inki yabuluu.

Ndinayambira pomwe aliyense amayambira:
kuzimitsa rauta, kuwerenga chamumtima, kuyatsanso.
Anandiyang'ana ngati ndikuwaphunzitsa kumanga nsapato.
"Tsamba lachiwiri. Ndachita kasanu ndi kawiri."

Kabokosi kapakhoma, polowera ulusi wagalasi,
nyali zake zonse biriwiri.
Ndinapima kuwala. Kwafika kwathunthu,
kwadutsa pansi pa tchalitchi, pansi pa sitolo ya nsomba ndi tchipisi,
osataya kanthu m'njira.
Ndinalumikiza kompyuta yanga pomwepo, ndi waya wangawanga:
512.
Mlandu suli panja ayi. Uli m'nyumba muno.

Sindinatchule.
Mawu otere sauzidwa munthu wokhala yekha.

Wayifayi ndinaikayikira pang'ono,
makoma ano ndi ochindikala ngati a ndende.
Koma nambala ya wayifayi imavina,
imakwera, imatsika wina akayatsa mayikulowevu.
Iyi yangoti chilili.
94 ndi nambala ya waya
umene mwa mitsempha yake isanu ndi itatu
umodzi waduka,
waya n'kuvomera kuyenda mwaulemu wa wokalamba.

Ndinagwada. Ndinautsata ndi chala.
Kuseri kwa piyano, m'mphepete mwa kapeti,
kukwera masitepe, utakhomedwa ndi timisomali toyera,
kalikonse patali mofanana ndi kanzake.
Wogwira ntchitoyi sanali pachangu.

"Ndi Wilf ameneyo," anatero kumbuyo kwanga.
"Loweruka lathunthu, akutukwana chapansipansi.
Ankafuna kompyuta m'chipinda chapamwamba
kuti azionera zotsatira za kiriketi ine ndisakumuona."

Pakhomo la chipindacho ndinapapeza.
Chitseko chakhala chikuuluma, tsiku ndi tsiku,
pamalo amodzimodzi,
mpaka khungu lotuwa laphwatalala ngati lamba.
Zaka zingati chikutsekedwa?
"Kale sichinkatsekedwa," anatero.
"Ndinayamba chaka chathachi. Kusunga kutentha."

Ndinawauza zoona zake: tiuzule, tiike wina,
mphindi makumi awiri basi.
Anayang'ana timisomali tija, kuyambira pansi mpaka pamwamba,
milomo ikuyenda. Ankawerenga.
"Musazule."

Buku lathu lantchito silinena kanthu za zimenezi.

Ndinayala watsopano pambali pa wakale,
wabuluu pambali pa wotuwa,
ndinasema pang'ono kunsi kwa chitseko kuti chisalumenso aliyense.
Timisomali tanga ndinayesetsa,
koma pa sitepe yachisanu ndinapotoza
ndipo ndikudziwa kuti anaona.

Tiyi anazizira pa piyano.
Tinaima awiri kutsogolo kwa kompyuta,
muvi uja n'kudzuka, kudutsa 94 osapereka moni,
mazana awiri, mazana anayi,
n'kukaima, ukunjenjemera.

507.

Anavala magalasi. Analemba tsiku, analemba ola,
analemba nambala. Cholembera chinaima m'malere.
"Zapitirira ndi zisanu ndi ziwiri," anatero.
"Za eni sindifuna."

Ndinati palibe adzabwere kudzazilonjerera.

Potsika ndinagwira khoma,
mawaya awiri pansi pa dzanja langa,
wina wodzaza ndi dziko lonse likuthamanga,
wina wopanda kanthu, wokhomedwa bwino.
Panja mvula inali pomwe ndinaisiya.
Foni inalira: nyumba ina ku Sowerby Bridge,
akuti madzulo okhaokha ndiye imachedwa.