Khasu Silikupezeka

Mitambo yameza kale Phiri la Zomba
pamene a Mkwapatira akuimba kachitatu.
"Mlimi wa ku Jali walemba khasu pafoni yake,
webusaiti yako yamuuza kuti palibe.
Palibe? Ine pano ndatsamira makasu mazana awiri!"

Ndili m'kachipinda kuseri kwa sitolo, moyang'anana ndi depoti,
komwe oitanira akukuwa Liwonde, Liwonde, Limbe watsala mmodzi.
Fungo la penti ndi feteleza lalowa mpaka m'tiyi.
Ndilemba ndekha m'kabokosi kofufuzira: khasu.
Tsamba loyera mbee.
Zopezeka: ziro.

Pantchito yathuyi timayamba ndi kukayikira ena.
Netiweki ilipo. Seva ikupuma bwinobwino.
Ndiye watsala Asiyatu,
amene analowetsa katundu yense m'nkhokwe
masabata atatu, ndi zala ziwiri,
mwana ali kumsana tsiku lina.
Ndisanthula mizere yake zikwi zinayi
ndipo mlandu ndimupeza nawo umodzi wokha:
kampata kosaoneka kumapeto kwa misomali.
Ndikachotsa.
Khasu zii.

Mvula yayamba kumenya malata. Magetsi thii.
Batire yatsala makumi atatu pa zana,
bandulo nayo ikutha ngati mchere wobwereka.

Tsono nditsegula funso limene ndinalemba ndekha mu Juni,
ndiliwerenga mokweza, pang'onopang'ono,
monga kalata ya ngongole:
ndipatse chilichonse choyamba ndi zilembo izi,
kumchirako kukhale mmene kungakhalire.
Silinaname, silinaphonye.
Lachita ndendende zimene ndinalituma.

Asiyatu wayima pakhomo, akukutumula ambulera.
Ayang'ana pagalasi kamodzi kokha.
"M'kaundula ndinalemba makasu," atero.
"Amabwera khumi khumi pamtolo. Ndikanalemba limodzi bwanji?"

Ndikhala duu.

Khasu, makasu.
Thumba, matumba.
Chikwanje chikapeza anzake chimasanduka zikwanje,
mpeni mipeni, tsache masache.
Ndinaphunzira kufufuza kwa anthu
amene mawu awo amasinthira kumchira,
pomwe athu amasintha chipewa,
ena kutaya ndi mpweya womwe panjira:
h uja wa m'khasu sapita nawo kugulu.
Chilankhulo chimene ndimalotamo,
chimene ndimatsutsiramo mtengo wa mbatata pamsika,
ndinachiiwala pakhomo polowa m'makina.

Anyani sasekana zikundu.
Kampata kaja sindimuuza.

Tikoka benchi. Iye atchula, ine ndilemba,
tebulo latsopano la mapasa:
loko ndi maloko, ndowa imakhala ndowa,
mbale ndi mbare, poti lilime la munthu
silipempha chilolezo kwa l kapena r.
Wilibala amailemba njira zisanu ndi imodzi,
zonse tizilandira.
"Onjezani jomba," atero Asiyatu, "ndi fosholo ya sh ndi ya ch."
Batire yafika pa zisanu ndi zinayi.

Ndiyesanso.
Khasu.
Kagudumu kaja kazungulira, kazungulira,
kenaka nawo: lamsuka, lachitsulo chakuda, lopanda mpini,
chithunzi chopendekeka chomwe tinajambula padzuwa,
chala cha a Mkwapatira chikuonekera pakona.

Sindikudziwa ngati wa ku Jali uja adzabweranso.
Mwina wagula kale pa Songani,
mwina wabwereka kwa mlamu wake, mvula siyidikira webusaiti.

Ndisanatseke, ndisuzumira mndandanda
wa zonse zimene anthu afunsa lero n'kubwerera chimanjamanja.
Mzere womaliza walowa mphindi zinayi zapitazo,
zilembo zazing'ono zokhazokha:
chomatira denga lodontha pamwamba pa bedi.

Phula tili nalo, shelefu yachitatu.
Koma funso langa silidziwa bedi, silidziwa kudontha.
Laputopu yazima ndisanalembe kanthu.
Ndilemba pachikhatho ndi bolopeni ya Asiyatu,
ndifumbata dzanja kuti inki isasuluke,
n'kulowa mumvula kusaka kabaza wa ku Matawale.