Mabokosi Asanu

Fomu ya yunivesite ya kutsidya kwa nyanja
ili ndi mabokosi asanu.
Akufunsa: kunja kwa kalasi umachita chiyani?
Bokosi lililonse limameza zilembo zana ndi makumi asanu,
ukapitirira, limatseka pakamwa.

Ndili pa kompyuta ya a Chidzanja, kuseri kwa depoti ya Kasungu.
Ndalipira ola limodzi,
theka latha ndikungoyang'ana kamzere kophethira.

Sungeni adadzaza yake dzulo:
kwaya, gulu la mtsutso, mpira wamanja,
ndi ulendo wa kunyumba ya ana amasiye
kumene adakhalako Loweruka limodzi
n'kujambulitsa zithunzi makumi anayi.
Sindikumunena ayi. Nanenso ndidali komweko,
wogwira foni ndidali ine.

Tili Fomu 3, a Nkhwazi a Chingerezi adatiuza:
"Kunja safuna mapointi okha, ana inu,
amafuna mtsogoleri. Lowani m'magulu."
Tidalowa ngati nkhuku zothawa mvula.
Ine ndidasankha gulu la zachilengedwe
poti mpando wa mlembi udalibe mwini.
Tidakumana katatu. Tidabzala mitengo khumi ndi iwiri,
mbuzi za alonda zidadya khumi ndi umodzi.
Satifiketi ndili nayo,
pakona pali njovu yomwetulira.

Komatu njovu ndimaidziwa ine.
Simwetulira.

Kwathu ku Linyangwa waya wa paki uli pomwepa.
Msana wa atate udatha ndi mabelo a fodya,
achimwene ali ku Joni,
ndiye chimanga chikatulutsa ndevu, usiku ndi wanga.
Ndimaumba njerwa za ndowe ndi tsabola,
kuziyatsa kumene mphepo ikuchokera,
n'kukwera pansanja ndi chigubu, tochi
ndi buku la bayoloje lonunkha utsi.
Mitsempha ya mtima ndidailoweza
wangawu ukugunda pakhosi,
phesi likuthyoka chapafupi, thyo, kenaka zii.

Tulo lisandibe, ndidayamba kulemba m'kope lakale la masamu:
tsiku, ola, munda wa yani, zalowera pati, mwezi unali bwanji.
Dzinja lachitatu kopelo lidayankhula lokha.
Zimadikira mwezi ulowe mumdima,
zimadzera pa mkuyu wogwa, kumene waya udalefuka.
Ndidauza a Nachisale, iwo adauza ena,
mabanja asanu ndi awiri tidagawana mausiku.
Chaka chatha nkhokwe zinayi zidadzaza.
Zitatu ayi, ndipo sindinama kuti ndikudziwa chifukwa.

A Nkhwazi ataona kopelo adakanda mutu.
"Izi ndi ntchito zapakhomo, mwanawe.
Lemba za gulu lija, lili ndi chidindo."
Mwina akulondola.
Iwo adathandizapo ana awiri kukwera ndege,
ine ngakhale Lilongwe ndidamuona kamodzi, pa windo la basi.
Nanga munthu wa jekete lochindikala,
kunja kwake kukugwa chipale chofewa,
akawerenga zoti "ndowe ndi tsabola"
adzaseka, kapena adzatsitsa kapu yake pansi?

"Mphindi khumi, asisi," akutero a Chidzanja,
maso ali pa mpira wa pa kanema.

Bokosi loyamba ndikulemba ndi zala ziwiri:
Mlonda wa minda, madzinja atatu.
Ndimawerenga mapazi a njovu, ndimagawa mausiku.
Lachiwiri: mlembi wa gulu,
mtengo umodzi udakalipo, ndimauthirira.
Atatu otsalawo akundiyang'ana kukamwa yasa.
Ndikadatha kuwaponyera kwaya imene sindidaimbemo,
palibe akadabwera kudzandimva mawu.
Ndawasiya ngati munda wogonera.

Chidindo ndilibe.
A Nachisale sadziwa kulemba, koma ati chala chawo chilipo,
inki ndikagula ndine.

Ndasunga, sindidatumize.
Mawa ndidzawerenganso ndi maso atsopano,
mwina mantha adzakhala atachepa, mwina ayi.
Pano ndithamangire matola a kumadzulo dzuwa lisanapendeke:
chimanga chatulutsa ndevu,
ndipo lero mwezi utuluka mochedwa.