Mumzinda Wopanda Njanji

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuitanira pa depoti ya Mzuzu,
Karonga! Karonga! mpaka mawu anasasa.
Ndakoka zikwama za anthu osandituma,
ndalumbira kuti watsala munthu mmodzi
m'minibasi muli anthu atatu,
awiri mwa iwo anzanga ongotenthetsa mipando.

Dzulo mwana wanga Walusungu
anandikhazika pakhonde ku Chiputula,
foni m'manja, mvula ya Juni ikuwaza pamalata.
Adada, sankhani ndinu,
si inu katswiri wa maulendo?

Akupita ku Ulaya kukaphunzira unamwino wa makanda.
Ndege ikakamutula, utsala ulendo wapansi,
ndipo kumeneko njanji ndi imodzi
koma eni sitima ndi awiri,
ina yofiira, ina yotuwa ngati phulusa.
Onse akumufuna, palibe womugwira mkono.

Ine sitima ndinaiona kamodzi, ku Balaka,
ikudutsa ndi malasha, yosalabadira munthu.
Kuno tili ndi msewu wa Chikangawa ndi chifunga chake, basi.

Yofiira ndi yodula, imangoongoka, maola atatu wafika.
Yotuwa mtengo wake ndi theka,
koma pakati panjira utsike, ukwere ina,
mphindi zisanu ndi ziwiri zokha,
pa siteshoni ya dzina lomwe linatipinda lilime tonse awiri.
Ukachedwa, tikiti yapsa. Sabweza.

Ndinafunsa: imadzaza msanga ndi iti?
Anaseka mpaka foni kugwera pachitenje.
Adada, kumeneko sadikira kudzaza,
nthawi ikakwana imanyamuka ngakhale ndi mipando yokhayokha.
Ndinakhala chete.
Mwini wake ndiye amadya chiyani?

Dalaivala wake amamwa? Kondakitala ndi mwana wa ndani?
Pagalasi la foni panalibe yankho,
chithunzi chokha cha mayi womwetulira ndi kapu ya tiyi
yomwe sikutayika.

Tinatembenuza ndalamazo kukhala makwacha.
Kusiyana kwake ndi lendi ya nyumba ino mwezi wathunthu.
Nditenga yotuwa, anatero, ndikathamanga.
Ndinayang'ana sutikesi yake ya tayala limodzi,
momwe amayi ake apanikizamo kale mpunga wa kilombero
ndi majuzi awiri a pa Taifa.
Mphindi zisanu ndi ziwiri?
Pa depoti sizikwana n'kukangana za chenji komwe.

Apo ndinakumbuka mtsikana wina, chaka cha mvula yambiri,
anali ndi thumba la buluu ndi kalata ya sukulu.
Ndinamukweza ya Chitipa ndikudziwa kuti ithera pa Bwengu.
Mukasintha kutsogoloko, ndinamuuza, zilipo zambiri.
Kunali kutada.
Dzina lake sindinafunse.
Bambo ake mwina nawo anawerenga makwacha pakhonde.

Ndinalowa m'nyumba, ndinakweza matiresi.
Ndalama ya njinga yamoto yomwe ndasonkha kuyambira Janyuwale
inatuluka ikununkha chinyontho.
Kwera yofiira.
Adada, ndi zokhala pansi zomwezo, njanji yomweyo.
Kwera yofiira, ndatero.
Sindikufuna uime pakati pa dziko la eni
ukufunsa njira kwa munthu ngati ine.

Netiweki inathawa kawiri.
Kachitatu foni inalira, tikiti ndi iyo:
ngolo yachisanu, mpando wa pawindo,
kunyamuka 10:42.
Osati cha m'ma teni. Osati dzuwa likakwera.
Ndinalemba nambalayo pakhoma ndi khala.

Lero m'mawa ndabwerera pa depoti, manja m'thumba, kukuzizira.
Mayi wina wa mwana kumsana waima pakhomo la minibasi yathu,
akusuzumira mipando yopanda anthu.
Inyamuka nthawi yanji, achimwene?

Pompano anali kale palilime,
wozolowera njira yake.
Ndinamumeza.
Ikadzaza, mayi.
Ngati mwafulumira, kwerani ile yabuluu.

Dalaivala wanga wanditukwana mpaka pa Ekwendeni.