Wogwira Nyali

Chithunzi chanu achipachika pa kiliniki ya ku Kanyama,
pamwamba pa benchi ya odikira sikelo.
Mukumwetulira. Kaya anakujambulani liti,
poti ine ndinakudziwani muli ndi tsinya,
Sisitere Walibuga.

Dzina lanu linkatilimba m'kamwa
ngati mwala wa mumpunga,
ndiye tinkangoti Amayi a Njinga.
Nanunso chinenero chathu chinakupunthwitsani:
Lamulungu loyamba munatambasula manja
n'kutifunira "mtedza wa Ambuye."
Tchalitchi cha malata chinagwedezeka ndi phwete.
Mtendere munauphunzira pambuyo pake,
koma mtedzawo tinakubweretserani ndithu, lichero lodzaza.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu
pamene munandigwiritsa nyali.
"Lekitina, kweza! Usayang'ane kumbali!"
Madzi a mvula akutumphuka m'miyala, kulowa m'nyumba,
mayi atagona pa chitseko chosanjika pa njerwa,
mwana akubwera chotsogoza miyendo.
Munapemphera m'chinenero cha kwanu, mwaliwiro,
ngati mukukangana ndi wina amene wachedwa.
Atalira, munamulemba ndi inki m'kaundula wakuda,
nambala 41.
Amene sanalire munkawalembanso,
ndi pensulo.

Zina sindinaiwale.
Munalanda ng'oma ya azakhali anga a Zelesi
pa chinamwali cha akulu anga,
mukuti ndi zamdima.
Inakhala zaka zinayi m'chipinda chosungira katundu,
pakati pa matumba a mkaka waufa.
Munaibweza nokha, madzulo, pa kaliyala,
makoswe atadya chikopa.
Simunapepese. Munangofunsa mtengo wa chikopa chatsopano.
Azakhali anakupatsani mpando.
Madzi akumwa sanakupatseni.

Tsiku limene inafika telegalamu ya maliro a mng'ono wanu
munali mukusoka chala cha wophwanya miyala.
Munaiwerenga, munaipinda kanayi,
munaiika m'thumba la kolona,
n'kundiuza kuti ndidule ulusi.
Usiku ndinakumvani mukupopa matayala a njinga
omwe anali olimba kale.

Anakuitanani kwanu katatu.
Katatu konse munati mvula ikatha.

Lero pamwambo wokukumbukirani
wansembe wachinyamata wati munali wofatsa ngati nkhunda.
Ife atatu otsala tinangotsinana pansi pa zitenje.
Nkhunda yake iti
yothamangitsa kansala ndi ambulera chifukwa cha mpopi?
Mpopiwo ulipobe, pakhomo pa sukulu,
ana amamwa osadziwa kuti unabwera ndi mkangano.

Kondakitala amene anandikaniza chenji dzulo
pa minibasi yopita m'tauni
ndi mdzukulu wa nambala 41.
Ndinamuzindikira ndi makutu.
Ndinamusiya. Akuwa bwino, mapapo ndi a agogo ake.

Maso anga achita nkhungu tsopano,
ndinasiya unamwino kalekale,
koma ndimabwerabe Lachinayi kudzapinda thonje.
Magetsi akathima m'chipinda chochilira
atsikanawa amayatsa mafoni,
wina n'kukuwa kuti kweza,
ndipo dzanja langa limakwera lokha, lopanda kanthu.

Kumanda kwanu anthu amaika maluwa apulasitiki.
Ine chaka chatha ndinakumba ndi chala kumutu,
ndinakwirira njere zisanu.
Osesa manda anazula zitatu, akuyesa udzu.
Ziwiri zabereka.