Mtengo wa Diripi

Pa msika wa Bangula mlamba uli ndi mtengo wake:
umafunsa, umanenerera, zikakanika umachoka.
Ngakhale thonje langa, sikelo ikamandibera,
nambala ndimaiona ndi maso angawa.

Koma usiku uja, Luwiza akunjenjemera pa kaliyala,
nthaka ya Okutobala ikadatentha ngati chiwaya,
ndinafunsa pawindo: zikwana zingati?
Mnyamata wa kolala yoyera anati,
"Bambo Alufazema, moyo kaye, za ndalama mawa."
Ndinadinda chala.

Mawa lake linabwera ndi pepala
lalitali ngati njanji yopita ku Marka.
Diripi zitatu. Bedi. Magolovesi.
Kathonje kopukutira pobaya jakisoni,
thonje lomweli ndimalima ine,
kadula kuposa kilo yanga yathunthu.

Lachisanu anafika awiri pa njinga yamoto.
Sanaodire.
Anayang'ana mbuzi, mbuzi n'za eni.
Anayang'ana malata, madzi osefukira anawatsogolera kale.
Ndiye anakankha njinga yanga ya kabaza,
belu likudziliza lokha m'mabampu
mpaka kumsewu.

Tsono ndibweza bwanji, miyendo mwatenga?

Akuti kwina kuli lamulo:
mitengo ilembedwe pakhoma munthu asanagone pabedi,
wangongole asalandidwe khasu lake.
Kaya. Wailesi inatha mabatire nkhani ili pakati.

Luwiza wachira, akupeta mapira pakhonde.
Akafunsa za njinga ndimati ili kokonzetsa.
Dzulo anatsokomola kawiri,
n'kundiyang'ana msanga,
n'kunena kuti ndi mankhusu chabe.