Wosoka Kuwala

Foni inalira tambala asanaganize zolira.
"Yaduka," anatero Filimoni, "chakuno kwa Masasa."
Ndinavala majuzi awiri, thalauza pamwamba pa thalauza.
Juni wa ku Dedza safunsa kuti unaphunzira chiyani.

Makina athu amatuma kuwala m'nthambo
n'kudikira kuti kubwerere
kudzaulula pomwe kwapunthwa.
Kunabwerera: makilomita khumi ndi anayi,
mamita mazana atatu.
Woombeza maula akanamalondola chonchi
bwenzi milandu itatha kalekale.

Tinapeza dzenje m'mphepete mwa munda wa kachewere,
phulusa la mapesi likadali lofunda,
khasu litagona chafufumimba.
Wina anatsata una wa mbewa
n'kukumana ndi muzu wakuda wosadziwika mtengo wake.
Anautema kawiri.

Sanadziwe kuti watema pakamwa pa mphunzitsi
wokhala kutsidya kwa nyanja zamchere,
amene eyiti koloko ikakwana
ayenera kuonekera pakhoma la kalasi
patsinde pa Chongoni,
pamaso pa ophunzira makumi anayi opuma nthunzi.
Sanadziwe za Dokotala Kadzakumanja,
mayi wosagona uja,
amene chiyambire dzulo akutumiza zithunzi za masamba odwala,
zikwi ndi zikwi,
ku kompyuta yaikulu ya yunivesite ina
yomwe imawerenga mawanga a chiwawu
msanga kuposa mmene iwe ungathirire mchere m'ndiwo.
Zonsezo zinaima pano,
m'dothi lofiira, pafupi ndi manyi a mbuzi.

Ndinagwada.
Ukasenda khungu lakuda umapeza lina,
ukasenda linalo umapeza timaulusi khumi ndi tiwiri,
kalikonse ndi mtundu wake,
ndipo m'kati mwa mtunduwo muli galasi
loonda ngati tsitsi la khanda.
Umapukuta ndi sipiriti. Umadula mowongoka.
Umagoneka nsonga ziwiri m'makina, kuyang'anizana
ngati apongozi okumana panjira yopapatiza,
kenaka kamphezi kakang'ono, thwa!
zagwirana.

Koma mphepo ya ku Kirk Range inabwera ndi fumbi
ndipo fumbi limodzi lokha ndi phiri panjira ya kuwala.
Kachitatu kanakana. Kachinayi kanakana.
Zala zanga zinali ngati chinangwa chozizira.

Ndi pomwe anatulukira m'chifunga,
mnyamata wa malaya a sukulu opanda mabatani,
maso ali pa khasu, mapazi okonzeka kuthawa.
Filimoni anatola mwala. Ndinati ayi,
bwera, gwira jekete ili, utchinge mphepo.
Anagwira, manja atatambasuka ngati khwangwala woyanika mapiko.

Dzina? Lekeleni.
Mbewa unapha zingati? Zitatu.
Kenaka iye: "Mumadutsa chiyani m'menemo?"
Kuwala.
"Kukupita kuti?"
Ku Lilongwe, ku Zomba, kunyanja, kulikonse kuli ofufuza.
"Nanga kuno sikuima?"

Ndinapukuta kaulusi kachisanu nthawi yaitali
kuposa mmene kanafunikira.
Ine ndemwe masamu a Fomu Folo anandigwetsa kawiri,
ndipo madigiri a anthu amandidutsa m'zala tsiku lililonse
osandipatsa moni.

Ndinamuloza munda. Wayani uwu?
"Wa amayi. Chaka chatha unapsa wonse, masamba bii."
Ndinati mwina tsamba limodzi la muno
lili m'gulu la zithunzi zikudikira kudutsazi.
Anayang'ana kachewere, anayang'ana galasi,
sanandikhulupirire,
koma jekete sanalitsitse.

Kakhumi ndi chiwiri kanagwira
mphindi zisanu ndi zitatu eyiti isanakwane.
Foni inanjenjemera m'thumba:
"Zayambanso kuyenda." Basi, mawu awiri.
Mayi uja alibe nthawi ya zikomo, ndipo sindimuda.

Tinakwirira. Lekeleni ndiye anagwira khasu,
akuponda dothi mosamala
ngati pansipo pagona munthu.
Kenaka analiika paphewa
n'kuloza kusukulu, atachedwa kale,
akuyenda pamwamba penipeni pa nthambo
mpaka pomwe njira yake inapatukira.