Msoko wa Pansi pa Mchombo

Dokotala Valdemir watembenuza galasi la sikani kuti ndione.
Wam'munsiyu wazondoka kale, mutu waloza khomo
ngati munthu wodziwa basi yake.
Wam'mwambayu wagona chopingasa,
chidendene m'nthiti mwanga,
alibe ntchito ndi munthu.

"Mukaganize, mayi Jucilene. Lolemba mudzandiuze."

Ndatuluka ndi mapepala awiri m'manja,
mvula ya Recife yawanyowetsa onse mofanana.

Ine ndine telala.
Zaka khumi ndi zinayi ndikudula nsalu za eni
kuseri kwa msika wa São José,
ndiye sizasi sindiiopa.
Koma nsalu ikadulidwa, usoke mwaluso bwanji,
chala chimaupezabe msoko ngakhale mumdima.

Mkulu wanga Marinalva anachita kusankha Lachinayi,
teni koloko m'mawa, milomo atapaka kale.
Akuti, "Uvutikiranji iwe? Awiritu amenewo."
Satchulako masabata atatu aja
ndinkamudzutsa pabedi ngati thumba la simenti,
pofuna kutsokomola achite kukumbatira pilo.

Ife timakhala nsanjika yachinayi,
chikepe chinafa chaka chatha.
Masitepe makumi asanu ndi limodzi, ndimawawerenga.
Edvaldo akuti adzandinyamula.
Edvaldo wake uti,
yemwe ndi botolo la gasi amapumira kawiri?

Komabe usiku, fani ikulira,
amandibwerera mawu a mzamba, Dona Zuleide:
woyamba akatuluka, chipinda chimakula mwadzidzidzi,
wotsalayo akhoza kutembenuka bwinobwino,
akhozanso kutsogoza dzanja
kapena chingwe cha mchombo,
ndiye amathamanga nawe m'khonde, magetsi akudutsa pamwamba,
n'kudzuka uli ndi mabala awiri,
lakumunsi ndi lapamimba.

Ndakhala pa makina mpaka mbandakucha
kupinda timalaya tiwiri tachikasu.
Ndawafunsa eni akewo.
Wina wandiyankha ndi ntchirikitchi,
wina zii.

Lolemba sindinafunse zambiri.
"Manja anuwa anatembenuzako mwana m'mimba kangati?
Nanga matenda akandiyamba pakati pa usiku,
pa ntchito padzakhala ndani?"
Anawerenga pa zala, sanakokomeze,
natchula ndi dzina la mnzake wa usiku.

Ndinati, chabwino.
Wam'munsiyu akapanda kusintha maganizo,
mumlole atsegule yekha njira,
koma tikachitire kufiyeta konko,
mpeni uli pa thireyi, ndikuuona.
Mnzakeyu akakana, musadikire kuti ndilire kawiri.
Dulani. Sindidzakufunsani mlandu,
ndipo wina asadzandiuze kuti ndinalephera kuchira.

Ndasayina, cholembera chikuterera ndi thukuta.
Pakhomo ndacheuka:

"Koma mukadula, dokotala, mudzadule mowongoka,
posoka musadzathamange.
Ine msoko wokhota ndimauonera patali."

Waseka. Wam'mwamba uja wandiponda nthiti,
kamodzi kokha, mwamphamvu,
ndagwira chitseko mpaka ululu utadutsa.